Momwe mungamangire labu ya ma seva kunyumba, ndi pomwe imasiyana ndi netiweki ya kuntchito

Achinyamata ochokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique amene akuphunzira za makompyuta muno mu Johannesburg amakumana ndi vuto limodzi lodziwika bwino: olemba ntchito amafuna munthu amene anagwirapo kale ma seva, pomwe palibe kampani imene ingalole wophunzira kuti ayeserere pa ma seva ake. Njira yotheka ndi kumanga labu yaing'ono kunyumba, kumene munthu amatha kuwononga, kukonza ndi kuyambiranso popanda womufunsa. Mapulogalamu a mu labu yotere nthawi zambiri ndi omwewo amene mudzawapeze m'maofesi a ku Sandton, ku Midrand kapena ku Rosebank, koma udindo wake ndi wosiyana kwambiri, choncho malangizowa akonzedwa kuti labu yanu ikuzolowezeni udindowo kuyambira tsiku loyamba.

Dziwani kaye chimene mukumanga

Virtualization ndi luso logawa kompyuta imodzi yeniyeni kuti mkati mwake muziyenda makompyuta angapo odziimira paokha, otchedwa ma VM, ndipo VM iliyonse imakhala ndi Windows kapena Linux yakeyake, RAM yake, diski yake ndi adiresi yake ya pa netiweki. Pulogalamu imene imagawa zinthu zimenezi imatchedwa hypervisor. Zili ngati nyumba imodzi ya ku Rosettenville kapena ku Mayfair yogawidwa zipinda za lendi, momwe aliyense ali ndi chitseko ndi loko wake, koma denga, madzi ndi mita ya magetsi n'zimodzi, moti wina akagona ndi hita yoyaka usiku wonse, mayuniti amathera anthu onse. Lusoli si latsopano, pakuti IBM inkalichita kale pa makompyuta ake akuluakulu m'zaka za m'ma 1960, koma linafalikira pa makompyuta wamba VMware itakhazikitsidwa mu 1998, makamaka Intel itaika VT-x, luso lothandiza purosesa kuyendetsa ma VM, m'mapurosesa ake mu 2005 ndipo AMD itatsatira ndi AMD-V mu 2006.

Ma hypervisor alipo a mitundu iwiri. Wina umaikidwa pamwamba pa Windows, macOS kapena Linux imene muli nayo kale, monga VirtualBox ya Oracle ndi VMware Workstation, ndipo ndi wabwino poyambira ngati muli ndi laputopu imodzi yokha. Wina umaikidwa mwachindunji pa makina opanda kanthu n'kukhala mwini wa makina onsewo, monga VMware ESXi, Hyper-V ya Microsoft, XCP-ng ndi Proxmox VE. Mtundu wachiwiriwu ndi umene umayendetsa ma seva a m'makampani, choncho amene akufuna ntchito imeneyi asakhalitse pa VirtualBox. Pa labu ya kunyumba ndimalimbikitsa Proxmox VE, imene inatuluka koyamba mu 2008, yomangidwa pa Debian ndi KVM, chifukwa mungaigwiritse ntchito yonse osalipira, kuphatikizapo cluster (makina angapo ogwira ntchito ngati gulu limodzi) ndi backup. Palinso chifukwa china: Broadcom itagula VMware mu Novembala 2023 inasiya kugulitsa malaisensi ogula kamodzi n'kuyamba olipira chaka ndi chaka, ndipo kuyambira pamenepo makampani ambiri akhala akuyang'ana njira zina. VMware ndi Hyper-V zikadali paliponse m'maofesi akuluakulu, koma mfundo zake n'zofanana, amasintha ndi mayina a mabatani.

Sankhani makina poganizira bilu ya magetsi

Chokopa choyamba kwa wophunzira ndi seva yakale ya mu rack, monga Dell PowerEdge, imene imapezeka motsika mtengo kwa ogulitsa makompyuta ogwiritsidwapo kale ntchito. Musanaigule werengani motere. Tiyerekeze kuti imadya ma watt 150 ikangoyaka. Pa maola 24 kwa masiku 30 ndi mayuniti 108 pa mwezi, pomwe kakompyuta kakang'ono ka mu ofesi, monga Dell OptiPlex Micro, HP EliteDesk Mini kapena Lenovo ThinkCentre Tiny, kakamadya ma watt 15 kamatha mayuniti pafupifupi 11 okha. Kwa munthu wokhala m'chipinda chakuseri amene akugawana mita ya prepaid ndi landilodi, kusiyana kumeneku kungathetse ubale, osanena za phokoso la mafani a seva ya mu rack, limene silingakugonetseni m'chipinda chimodzi.

Chofunika kwambiri pa makinawo ndi RAM, chifukwa ndi imene imatha msanga kuposa purosesa. Ndi 16 GB mungayendetse ma VM anayi kapena asanu ang'onoang'ono, koma 32 GB ndi imene imakupatsani mpata wopuma. Diski ikhale SSD, pakuti ma VM angapo akamalemba nthawi imodzi pa diski yakale yozungulira, zonse zimakwawa. Musanalipire, lowani mu BIOS n'kuona kuti VT-x kapena AMD-V ilipo ndipo ndi yoyatsidwa; pa Windows mungaone mu Task Manager pa gawo la CPU, ndipo pa Linux lamulo la lscpu limaonetsa zomwezo. Sinthaninso kabatire kakang'ono ka pa motherboard ngati makinawo ndi akale, ndipo chifukwa chake chioneka tikafika pa Windows Server.

Gulaninso UPS (batire lothandiza kuti makina asazime magetsi akazima), ngakhale yaing'ono, ndi chotetezera ku mphamvu ya magetsi yobwera modzidzimutsa. Ngakhale masiku amene Eskom sikuzimitsa magetsi mwa ndondomeko, madera a City Power amazimabe chifukwa cha kuwonongeka kwa zipangizo ndi kubedwa kwa zingwe, ndipo mphenzi za nyengo ya mvula, kuyambira Okutobala mpaka Malichi, zimapsereza ma rauta ndi makompyuta chaka chilichonse.

Ikani Proxmox

Tsitsani ISO, fayilo yoikira pulogalamuyi, pa webusaiti ya Proxmox, muilembe pa flash pogwiritsa ntchito balenaEtcher, kapena Rufus mutasankha DD mode, kenako muyatse makinawo kuchokera pa flash imeneyo. Dziwani kuti pulogalamu yoikira imafufuta zonse zimene zili pa diski imene mwasankha. Ikakufunsani adiresi, ipatseni yosasintha imene ili kunja kwa ma adiresi amene rauta yanu imagawa yokha; mwachitsanzo, ngati rauta ili pa 192.168.1.1 ndipo imagawa kuyambira 192.168.1.100, adiresi ya 192.168.1.10 ndi yoyenera. Makinawo alumikizidwe ku rauta ndi chingwe, chifukwa Wi-Fi sigwirizana bwino ndi bridge (cholumikizira ma VM ku netiweki) imene Proxmox imadalira.

Mukamaliza, chotsani sikirini ndi kiyibodi, pitani pa laputopu yanu n'kutsegula https://192.168.1.10:8006. Msakatuli udzakuchenjezani za satifiketi chifukwa Proxmox inadzisainira yokha, ndipo mu labu mukhoza kupitirira. Lowani ngati root (akaunti yokhala ndi mphamvu zonse), sinthani malo otengera ma update kuchoka pa enterprise kupita pa no-subscription, kenako muike ma update onse musanapange VM iliyonse.

Patulani netiweki ya labu ndi ya m'nyumba

Apa ndi pamene pafunika kudekha, chifukwa ndi pamene labu imayamba kufanana ndi kuntchito kapena kusanduka chosokoneza anzanu a m'nyumba. Proxmox ikangoikidwa imapanga bridge imodzi yotchedwa vmbr0, yolumikizidwa ku doko lenileni la netiweki, ndipo VM iliyonse imene mwaiika pamenepo imaoneka pa netiweki ya m'nyumba ngati foni kapena TV. Choopsa chake n'chakuti tsiku limene mudzayatse DHCP (ntchito yogawa ma adiresi) pa Windows Server yanu yophunzirira, iyo idzayamba kugawa ma adiresi kwa mafoni a anthu onse a pa Wi-Fi imeneyo, ndipo amene alandira adiresi yolakwika intaneti idzawadukira popanda kudziwa chifukwa. Zikachitika mu ofesi, anthu a dipatimenti yonse akhoza kulephera kugwira ntchito m'mawa wonse.

Pofuna kupewa zimenezi, pitani pa System, kenako Network, mupange Linux Bridge yachiwiri ya dzina loti vmbr1, ndipo malo a bridge ports muwasiye opanda kanthu. Bridge imeneyi ili ngati switch imene imakhala mkati mwa makinawo mokha, yosatulukira kunja. Kenako pangani VM ya OPNsense kapena pfSense (mapulogalamu a firewall, mlonda wosefa zolowa ndi zotuluka pa netiweki) yokhala ndi makhadi awiri a netiweki: loyamba pa vmbr0 kuti likhale WAN (mbali yakunja), lachiwiri pa vmbr1 kuti likhale LAN (netiweki yamkati) ya labu. Mapulogalamu awiriwa amayamba ndi LAN ya 192.168.1.1, imene ingawombane ndi rauta ya m'nyumba, choncho isintheni nthawi yomweyo kukhala, mwachitsanzo, 10.10.10.1 ndi /24. Ma adiresi oyamba ndi 10, a pakati pa 172.16 ndi 172.31, ndi oyamba ndi 192.168 ndi amene anapatulidwira ma netiweki amkati, ndipo makampani aakulu amakonda a 10 chifukwa ndi ochuluka. Ma VM onse ophunzirira akhale pa vmbr1, azifika pa intaneti kudzera mu firewall yanuyo.

Zimenezi zikayenda, chongani VLAN aware pa vmbr1 n'kugawa labu m'zigawo zitatu zopatukana, zotchedwa ma VLAN: VLAN 10 ya ma seva, VLAN 20 ya makompyuta a antchito, ndi VLAN 99 ya oyang'anira. Manambala a VLAN, malinga ndi muyezo wa 802.1Q, amayambira pa 1 kulekezera pa 4094, ndipo mungasankhe ena alionse. Lembani malamulo pa firewall oti kompyuta ya pa VLAN 20 izifika pa ma seva kudzera m'madoko ofunika okha, ndipo isamafike konse pa VLAN 99. Ntchito imeneyi imatopetsa ndipo poyamba zinthu zambiri zidzakana kulankhulana, koma kufufuza chifukwa chimene paketi yakanidwira ndi gawo lalikulu la ntchito imene mudzalipidwire.

Ngati mukufuna kumafika pa labu muli kutali, musatsegule doko la 8006 pa rauta kuti lionekere pa intaneti. Gwiritsani ntchito VPN, njira yotetezeka yolowera pa netiweki muli kutali, monga WireGuard kapena Tailscale, imene imagwiranso ntchito pa intaneti ya LTE, kumene kawirikawiri simupatsidwa adiresi yanuyanu yapoyera.

Pangani ma VM

Yambani ndi Debian kapena Ubuntu Server ya 2 GB ya RAM, muike qemu-guest-agent, kenako muisandutse template kuti ma VM otsatira muzingowakopera m'mphindi zochepa. Windows Server ya evaluation imatsitsidwa kwaulere kwa Microsoft ndipo imagwira ntchito masiku 180. Ipatseni 4 GB, ndipo mulumikize ISO yachiwiri ya virtio-win, apo ayi pulogalamu yoikira siidzaona diski ya VirtIO. Ikani Active Directory (imene imasunga maakaunti a anthu ndi makompyuta m'gulu limodzi lotchedwa domain) ndi DNS, ndipo ngati Windows ndi imene izigawa ma adiresi pa gawo limenelo, zimitsani DHCP ya firewall kumeneko kuti pasakhale ogawa awiri. Dzina la domain lisathere ndi .local, chifukwa limawombana ndi mDNS; m'malo mwake, lab.home.arpa kapena dzina lothera ndi .internal ndi loyenera. Onjezani VM ya Windows 11 Pro kapena Enterprise kuti ilowe mu domain, podziwa kuti imafuna UEFI ndi TPM 2.0, zimene Proxmox imapereka, ndiponso kuti Windows ya Home silowa mu domain.

Kerberos, imene Active Directory imagwiritsa ntchito potsimikizira anthu, imakana ngati mawotchi a makina awiri asiyana ndi mphindi zoposa 5. Makina a batire lakufa akazima ndi magetsi amadzuka ndi tsiku lolakwika, ndipo mudzataya madzulo onse mukukayikira pasiwedi pomwe vuto ndi wotchi.

Purosesa mukhoza kuigawa mopitirira, kupatsa ma VM ma core ochuluka kuposa amene alipodi, chifukwa sikawirikawiri kuti onse atanganidwe nthawi imodzi. RAM ndiye musaichite zimenezo mosasamala. Siyirani Proxmox yokha 2 GB kapena kuposa, makamaka ngati munasankha ZFS, imene imasunga zambiri mu RAM.

Snapshot, backup ndi kuzima kwa magetsi

Musanasinthe chinthu chachikulu pa VM, tengani snapshot, chithunzi cha momwe VM ilili pa nthawiyo, kuti zikalakwika mubwerere pamene munali. Koma snapshot imakhala pa diski yomweyo ndi VM, choncho diskiyo ikafa zonse zimapita limodzi. Backup yeniyeni imapita kwina: pa diski ya USB, pa NAS, kapena pa makina ena oyendetsa Proxmox Backup Server. Ikani ndondomeko yoti backup izichitika yokha usiku, ndipo kamodzi pa mwezi fufutani dala VM imodzi n'kuibwezeretsa, mukuyang'ana wotchi kuti muone nthawi imene zatenga. Lamulo lodziwika la 3-2-1 limati makope akhale atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, limodzi likhale kunja kwa nyumbayo. Lumikizani UPS ku makinawo ndi USB n'kuika Network UPS Tools kuti batire likatsala pang'ono kutha ma VM azizima mwadongosolo, ndipo mu Options ya VM iliyonse ikani dongosolo loyakira: firewall poyamba, domain controller (VM ya Active Directory ija) pambuyo pake, kenako enawo.

Zimene mudzapeze kuntchito

Kusiyana koyamba ndi chiwerengero cha makina. Kunyumba muli ndi host imodzi, kutanthauza makina enieni onyamula ma VM, ndipo ikazima mumangodikira. Kuntchito ma host amakhala atatu kapena kuposa, omangidwa kukhala cluster, ndipo ma diski a ma VM sakhala m'mimba mwa host imodzi koma pa chosungira chogawana, monga SAN yolumikizidwa ndi iSCSI kapena Fibre Channel, kapena vSAN ndi Ceph zimene zimaphatikiza ma diski a ma host onse. Chifukwa cha zimenezi VM imatha kusamutsidwa ikuyenda, zimene VMware imatcha vMotion ndipo Hyper-V ndi Proxmox zimatcha live migration, ndipo host ikafa ma VM ake amayatsidwanso pa ma host otsala. Kuti zitheke, cluster imasiyidwa ndi malo okwanira kunyamula katundu wa host imodzi yakufa, choncho RAM imene mukuiona yopanda ntchito pa sikirini si yoti muidzadze. Chiwerengero cha atatu chili ndi chifukwa chake: ma host amavota kuti adziwe mbali imene ili ndi ulamuliro netiweki ikaduka, ndipo awiri okha akasiyana palibe amene ali ndi mavoti oposa theka. Ma seva ambiri a makampani a kuno sakhalanso mu ofesi momwemo. Ali m'malo osungira ma seva monga Teraco ku Isando, kapena mu cloud, pakuti Microsoft inatsegula chigawo cha Azure ku Johannesburg mu 2019, AWS inatsegula ku Cape Town mu 2020, ndipo Google Cloud inatsegula ku Johannesburg mu 2024. Seva imene mwaidula pa netiweki mwangozi simungaifikire ndi kiyibodi ngati ya pansi pa tebulo lanu.

Kusiyana kwachiwiri, kumene ndimakuona kukhala kwakukulu, ndi chilolezo. Mu labu ndinu root pa chilichonse. Kuntchito mumalowa ndi akaunti ya dzina lanu yokhala ndi mphamvu zochepa, chilichonse chimene mwadina chimalembedwa, ndipo kusintha kulikonse pa seva yogwira ntchito kumayamba ndi pempho lolembedwa lonena chimene mukusintha, chifukwa chake, nthawi yake, anthu amene akhudzidwe ndi njira yobwererera zikalephereka. Ntchito zotere zimapatsidwa nthawi yakeyake, kawirikawiri usiku kapena kumapeto kwa sabata. Zizolowezi zina za mu labu zimavulaza kumeneko: snapshot yoiwalika kwa miyezi imakula mpaka kudzadza chosungira chimene ma VM ambiri akudalira, ndipo kubwezeretsa snapshot yakale ya domain controller kapena database kumafufuta ntchito imene anthu agwira kuchokera nthawi imeneyo.

Malaisensi nawo amalowa m'nkhani. Windows Server imalipiridwa potengera ma core a host, osachepera 16 pa seva imodzi, ndipo Standard imalola ma VM awiri a Windows Server pa host yolipiridwa mokwanira, pomwe Datacenter ilibe malire. VM imene mwangoipanga kuti muyesere kanthu ikhoza kukhala ngongole ya kampani, ndipo ISO ya evaluation ilibe malo pa ntchito yeniyeni.

Palinso malamulo a dziko lino. POPIA, lamulo la 2013 loteteza zinsinsi za anthu, linayamba kutsatidwa mokwanira pa 1 Julayi 2021, ndipo Cybercrimes Act ya 2020 imaletsa kulowa m'makompyuta kapena kutenga deta popanda chilolezo. Choncho musakopere VM, database kapena backup ya kampani kupita nayo kunyumba, ngakhale cholinga chili chongophunzira, musalumikize makina a labu pa chingwe cha mu ofesi, ndipo zida zofufuzira netiweki monga Nmap muziziyendetsa pa vmbr1 yanu basi. Kwa mlendo amene chilolezo chake chokhalira m'dziko muno chimadalira ntchito, mlandu wotere ungamutayitse zambiri kuposa malipiro.

Yesezani za kuntchito mu labu momwemo

Zambiri mwa zimenezi mungaziyeseze pa kakompyuta kamodzi ka 32 GB. Proxmox imalola hypervisor kuyenda mkati mwa VM ngati mtundu wa CPU wa VM imeneyo mwausankha kukhala host, choncho pangani ma VM atatu a Proxmox a 4 GB iliyonse pa vmbr1, muwamange kukhala cluster, ndipo VM yachinayi ya Debian igawire onse atatu chosungira kudzera mu NFS. Ikanimo VM yaing'ono, muisamutse kuchoka pa host ina kupita pa ina uku ping ikuyenda, muone kuti ndi mapaketi angati amene atayika. Kenako muiike pansi pa HA, dongosolo loyatsanso VM pa host ina yake ikafa, muzimitse mwadzidzidzi host imene ikuinyamula, muwerenge nthawi imene itenge kuti idzukire kwina. Mukatero zimitsani ma host awiri, ndipo mudzaona wotsalayo akukana kuyatsa VM kapena kusintha kalikonse chifukwa wataya quorum, mavoti oposa theka aja.

Siyaninso kulowa ngati root tsiku ndi tsiku. Pangani akaunti ya dzina lanu mu Proxmox, muipatse udindo wa PVEVMAdmin pa ma VM ochepa okha, muyatse chitsimikizo chachiwiri cha TOTP, ndipo muzigwira ntchito ndi akauntiyo mpaka itakukanizani chinthu. Sungani fayilo imodzi yolembamo dzina la VM iliyonse, adiresi yake, VLAN yake ndi ntchito yake, pamodzi ndi chithunzi cha netiweki chojambulidwa pa diagrams.net, ndipo musanasinthe chilichonse lembani mizere inayi: chimene musinthe, chifukwa chake, momwe mudzadziwire kuti chatheka, ndi momwe mungabwerere. Pa intavyu, wofunsa akanena kuti mufotokoze zimene munachitapo, tsegulani chithunzicho ndi fayiloyo, muonetse pamene firewall inakana paketi, momwe munapezera lamulo lolakwika, ndi mphindi zimene zinakutengerani kubwezeretsa domain controller kuchokera pa backup.